Matayala a Ulendo wa ku Mbala

Ba Kapembwa anafika mu Lusaka ali mnyamata wa miyendo yowonda, atakwera lole ya kapenta yochokera ku Mpulungu, ndipo fungo la nsomba linawakanirira m'malaya kwa nthawi ndithu. Kwawo kunali ku Mbala. Amalume awo, amene ankakhala m'mafulati a ku Kabwata, anawapezera ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi makalendala kufupi ndi msewu wa Lumumba. Anayamba ndi kusesa zidutswa za mapepala, kenako anawaika pa makina odulira, ndipo tsitsi litayamba kuyera m'mbalimu anali atakhala woyang'anira makina aakulu osindikizira. Inki inalowa m'zikhadabo zawo n'kukhazikika momwemo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anzawo kuntchito ankati ukafuna kumva mawu a Kapembwa uzimitse kaye makina, ndiyeno udikire.

Akazi awo, Ba Emmy, nawonso anali a ku Mbala, koma awiriwa anadziwana pa msika wa Kabwata, kumene Ba Emmy ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Tsiku lina Ba Kapembwa anapita ndi buluku woti awafupikitsire. Ba Emmy anamuyeza bulukuyo, anayang'ana mwini wake kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti nsalu yotsalayo ikwana kusokera kabudula wa mwana wa giredi wani. Ba Kapembwa anachita manyazi, komabe sabata yotsatira anabweranso ndi malaya amene analibe vuto lililonse. Anakwatirana, anakhala zaka zingapo m'chipinda chimodzi ku Libala, ndipo pambuyo pake anamanga kanyumba kawo ku Chelstone, njerwa ndi njerwa. Mwana anabwera mochedwa, mmodzi yekha, wamkazi. Anamutcha Bethany. Kuyambira pamenepo ankaitanana Bashi Bethany ndi Bana Bethany, kutanthauza bambo ndi mayi a Bethany, monga amachitira anthu akumpoto.

Galimoto anagula Bethany ali ku sekondale. Kanali kagalimoto kakang'ono kotuwa, kokwana banja lawo ndi matumba awiri a makala kumbuyo. Amene anawagulitsa anali mnyamata wa ku Kabulonga, ndipo anali atakaveka malimu aakulu onyezimira, zitsulo za mawilo zija, okhala ndi matayala opyapyala ngati lamba wa m'chiuno. Palibe amene ankayembekezera kuti munthu wofatsa ngati Ba Kapembwa angakonde zinthu zoterozo, koma anazikonda zedi. Loweruka lililonse masana ankagwada pabwalo ndi beseni la madzi a sopo ndi mswachi wakale, kuchotsa fumbi lofiira pakati pa zitsulo zonyezimirazo.

"Bashi Bethany," ankatero Ba Emmy ali pakhomo, "mwana wanu simunamusambikepo na chikondi chaso."

Matenda anayamba ndi kachotupa m'bere. Ba Emmy anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala othothola tsitsi aja, tsitsi linameranso, ndipo anabwerera ku makina awo osokera. Kwa zaka ziwiri anthu a m'nyumbamo anaiwala. Kenako msana unayamba kuwawa, n'kutsatira chiuno. Atawajambula ku chipatala cha khansa, dokotala anawauza kuti matenda alowa m'mafupa.

Apa m'pamene Ba Kapembwa anaudziwa msewu wa ku Chelstone mwa njira ina. Anali atauyenda zaka zambiri osawerengera mahampu a pa sukulu, dzenje la pa kona ya msika, kapena pamene phula linadulidwa poika mapaipi. Tsopano chilichonse mwa zimenezi chinkadutsa m'tayala, kukwera m'mpando, n'kukafika m'mafupa a akazi awo. Ba Emmy sankalira. Ankangokoka mpweya pakati pa mano, n'kutseka maso. Ba Kapembwa anayamba kukwera mahampu mopingasa, wilo limodzi kenako linzake, pang'onopang'ono moti madalaivala a minibasi ankawaimbira mahutala ndi kuwatukwana pa zenera. Iwo sankacheuka.

Chakumapeto kwa Seputembala dokotala anawaitana onse awiri m'kachipinda, natseka chitseko. Anati chimene chatsala n'kuchepetsa ululu. Pobwerera kunyumba anaima pa maloboti a ku Munali.

"Nifuna kuona ba mayo," anatero Ba Emmy.

Amayi awo anali moyo ku Mbala, okalamba kwambiri, maso atachita khungu pang'ono. Palibe amene anawauza kuti matenda abwerera.

"Ni kutali," anayankha Ba Kapembwa.

"Niziba kuti ni kutali. Ninabadwila kwamene."

Basi sinali yoganizira n'komwe. Ba Kapembwa anaimbira foni mlamu wawo Meshack, mchimwene wa Ba Emmy, amene ankakhala ku Makeni ndipo ankayendetsa malole a ku Nakonde. Meshack anabwera Lamlungu, anazungulira kagalimotoko, n'kumenya tayala lakutsogolo ndi nsapato. Mano ake anali atatha, m'mbali mukuoneka ming'alu.

"Mulamu, aya simuzafika nayo na pa Serenje," anatero. "Njila ija ili na maenje yakuti mbuzi ingabisale. Gulani matayala yolimba, yokosa monga ya pa lole ya kanta. Osati vosebenzesa kudala, yanyowani."

Lolemba Ba Kapembwa anapempha kuweruka msanga. Anayamba ndi anyamata ogulitsa matayala akale m'mbali mwa msewu kumunsi kwa tauni, kumene matayala amaunjikidwa mpaka kupitirira mutu wa munthu. Aliyense ankakunkhuniza tayala lake, kulimenya ndi chikhatho kuti limveke kulimba, n'kulumbira kuti limeneli silidziwa msomali. Analowa m'masitolo awiri a mu Freedom Way. Konseko nkhani inali imodzimodzi: ili ndi lolimba, ili limakhalitsa. Ba Kapembwa ankagwedeza mutu, kuthokoza, n'kutuluka. Sankadziwa bwinobwino chimene akufuna, koma ankamva kuti si chimenecho.

Dzuwa litapendeka anaima pa sitolo ina ya matayala ku Northmead. Pa kauntala panali mayi wina wa msinkhu wapakati, wovala ovolosi yabuluu, dzina lake litasokedwa pa thumba: Christine. Atamva mtundu wa galimoto ndi kumene ikupita, anatsitsa matayala atatu pa shelefu n'kuwaimika pansi.

"Ili ni lochipa, koma mu mvula silikwata bwino," anatero, akuloza loyamba. "Ili ni lapakati. Manje ili, ba dadi, ndiye lamene ningamugulile mukazi wa mubale wanga. Mukaika aya, zaka zinayi olo zisanu simuzabwelako kuno."

Ba Kapembwa anayang'ana tayala lachitatulo nthawi yaitali. Linali lakuda bii, lonunkhira mphira watsopano, timinga ta mphira tikadali pa mano ake.

"Sinifuna yokhalitsa," anatero pomaliza. "Nifuna yamene siyapweteka."

Christine anakweza nsidze, kudikira. Ba Kapembwa anali asanafotokozepo nkhaniyi kwa munthu wachilendo, ndipo mawu anatuluka mosalongosoka: mafupa, mahampu, amayi okalamba ku Mbala, ndi mmene akazi awo amakokera mpweya pakati pa mano. Mayiyo sananene za pepani. Anangotuluka kuseri kwa kauntala n'kuti, "Tiyeni nione motoka."

Panja anagwada pafupi ndi wilo lakutsogolo, naika zala zake pa mphira wa m'mbali. Zala zitatu zinakwana kuchokera pa limu mpaka pansi.

"Vuto ni malimu aya," anatero. "Yakulu maningi. Tayala lisala ling'ono, manje kulibe mpweya wokwana pakati pa njila na muntu. Chilichonse chamene wilo yagunda, chipita stileti ku mupando."

Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwasonyeza kapepala kofwifwa komatidwa pa chitsulo, kamene Ba Kapembwa anali asanakawerengepo. Galimotoyo inachokera ku fakitale ndi malimu ang'onoang'ono, ovala matayala a m'mbali motalika. Christine anati akabwezeretsa amenewo, n'kusankha matayala a mphira wofewa, galimoto izidutsa m'maenje mopepukirako. Anachenjezanso kuti asamalole anyamata a pa filingi siteshoni kupopa mpweya wochuluka, azitsatira nambala ya pa kapepalako basi, komanso kuti asachepetse mpweya poganiza kuti afewetsa, chifukwa pa ulendo wautali ndi kutentha kwa Okutobala tayala losowa mpweya limaphulika.

"Koma nimiuzile zoona," anawonjezera. "Aya yofewa yasila musanga. Siyatenga nthawi."

"Yazakwana," anayankha Ba Kapembwa.

Malimu ang'onoang'onowo anapezeka kuseri kwa sitolo, achitsulo wamba, akuda, ena atayamba dzimbiri m'mphepete. Anagwirizana kuti onyezimira aja atsale pomwepo posinthanitsa. Ba Kapembwa anakhala pa benchi n'kumaonerera amakanika akukweza galimoto pa jeke, kumasula manati, ndi kukunkhunizira mawilo awo m'kati mmodzimmodzi. Wina mwa amakanikawo anaimba mluzu poona mmene analili oyera ngakhale m'makona. Christine anauza amakanikawo kuti ayang'anenso mashoko, zitsulo zochepetsa kugwedezeka, ndi kuwongola mawilo, ndipo anaika sipeya yatsopano m'buti.

Atafika ku Chelstone anapeza Ba Emmy atakhala pa khonde, atatsamira mapilo. Anayang'ana galimoto ikulowa pa geti, anayang'ana mawilo, ndipo anayamba kuseka, dzanja limodzi litagwira nthiti.

"Mwaivalika nsapato za ku sukulu," anatero. Atasiya kuseka anafunsa, "Yaja yanu yali kuti?"

"Yanali kunilemesa kusuka."

Ba Emmy anawayang'ana amuna awo. Kenako anapempha kuti awanyamule akayese.

Anatsitsa mpando wakutsogolo, anayala bulangete, n'kuyenda pang'onopang'ono. Anadutsa mahampu a pa sukulu. Ba Kapembwa anali ndi diso limodzi pa msewu, lina pa nkhope ya akazi awo. Anapita mpaka ku Kabulonga, kumene mitengo ya jakalanda inali itathothola maluwa ake ofiirira pa phula, anazungulira ku Woodlands, ndipo Ba Emmy anapempha kuti adutse ku Kabwata aone ngati mtsikana amene anamusiyira makina akutsegula shopu pa nthawi yake. Anaipeza yotsegula, mayunifolomu atapachikidwa pa chingwe. Sanatsike.

"Manje yafewa," anatero Ba Emmy pobwerera. "Monga nakhala pa matilesi."

Ba Kapembwa anafuna kukhulupirira. Zinali zoona kuti galimoto inkayenda mwakachetechete kuposa kale, ndipo timiyala sitinkamvekanso m'chiwongolero. Koma anaonanso kuti zala za Ba Emmy sizinasiye chogwirira cha pa chitseko ulendo wonsewo. Mpaka lero sadziwa kuti matayalawo anathandiza mpaka pati, ndiponso kuti n'zingati zimene akazi awo anangonena powasangalatsa.

Bethany, amene tsopano ankaphunzitsa ku Kitwe, anatenga tchuthi n'kubwera. Ananyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndi mankhwala m'kachikwama, madzi oundana m'mabotolo, chitenje chatsopano cha agogo, ndi shuga ndi mafuta ophikira m'buti. Anagwirizana zogona ku Serenje kapena ku Mpika, malinga ndi mmene thupi lingalolere. Ba Emmy anavala diresi lawo lobiriwira la ku tchalitchi, limene tsopano linkawalendewera m'mapewa. Anali osangalala. Podutsa m'tauni ankatchula masitolo amene anatsekedwa kalekale, ndi pamene ankagula ulusi ali mtsikana.

Atatuluka mu mzinda, kupitirira Kabangwe, mawu anachepa. Malole ankadutsa ndi mphepo imene inkagwedeza kagalimotoko. Phula linali ndi mabampu aatali osaoneka ndi maso, amene mawilo a malole anakumba, ndipo galimoto inkakwera ndi kutsika ngati ikupuma. Bethany, ali kumbuyo, ankapukuta thukuta pa mphumi pa amayi ake. Asanafike pa mphambano ya ku Chisamba, Ba Emmy ananena motsitsa kuti, "Imani."

Ba Kapembwa anapatukira pambali, pamene amayi ena ankagulitsa mavwende pansi pa mtengo. Anazimitsa injini. Milomo ya Ba Emmy inali itayera, ndipo misozi inkatsika m'mbali mwa maso kulowa m'makutu, pakuti anali chigonere.

"Tipumuleko chabe," anatero Ba Kapembwa. "Tizayenda pang'ono pang'ono. Olo tifike pa Kabwe, tigone."

"Iyai, Bashi Bethany."

"Kapena mpweya wachuluka. Nizapeza pochosela."

"Matayala yali bwino," anatero Ba Emmy, akugwira dzanja la amuna awo. "Munasankha bwino. Ndine nakangiwa, thupi lakana."

Bethany anatsegula chitseko, anapita kuseri kwa galimoto, n'kukhala pansi pa udzu wouma. Mayi mmodzi wogulitsa anabwera ndi vwende m'manja, koma atasuzumira pa zenera anabwerera mwakachetechete. Patapita kanthawi anabweranso ndi kachidutswa kodula kale, n'kupatsa Ba Kapembwa osafuna ndalama. Ba Emmy anayamwa madzi ake pang'ono. Anafunsa kuti kumpoto ndi mbali iti, ngakhale msewu unali kuloza komweko, ndipo anayang'ana kumeneko kwa nthawi. Kenako anati abwerere.

Potembenuza galimoto, Ba Kapembwa anadikira malole ambiri kuti adutse, kuposa mmene zinafunikira.

Meshack ndi amene anakwera basi kupita ku Mbala kukatenga amayi awo. Anachita kuwauza zonse ali pakhomo pawo, ndipo gogoyo, amene anali asanatuluke m'boma lawo kwa zaka zambiri, anamanga kathumba kake tsiku lomwelo. Ba Kapembwa anakawachingamira pa siteshoni ya mabasi ya Intasite. Anawapeza atatupa mapazi, atagwira mkono wa Meshack, akuphethira ndi utsi wa mabasi. Atafika ku Chelstone gogoyo analowa kuchipinda, anapapasa nkhope ya mwana wawo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kumukalipira m'Chimambwe, chilankhulo cha kwawo, chifukwa chowabisira. Ba Emmy ankangoti, "Ee, mayo. Ee, mayo." Ba Kapembwa anatseka chitseko n'kupita kukakhala panja.

Gogoyo anakhala nawo, ndipo mvula inayamba adakali pomwepo. Ankagona pa mphasa pafupi ndi bedi, kukana matilesi. Galimoto inkangotuluka kukatenga mankhwala ndi kukatenga namwino wa ku kiliniki, ndipo kangapo, Ba Emmy akadzuka ndi mphamvu pang'ono, ankapempha kuti awazungulitse m'makwalala a pafupi, magalasi ali otsitsa, kuti amve fungo la dothi lonyowa. Anamwalira mu Disembala, m'mawa, mvula ikuwaza pa malata, amayi awo akuwasisita mapazi. Ba Kapembwa anali kukhitchini akuwiritsa madzi osambira. Bethany atabwera kudzawauza, anayamba athimitsa kaye mbaula, napachika kansalu kogwirira poto pa msomali wake, ndiye n'kupita.

Anawaika kumanda a ku msewu wa Leopards Hill. Anthu a pa msika wa Kabwata anabwera ochuluka, ndipo panali amayi ena amene Ba Kapembwa sankawadziwa, amene anati ana awo onse anaphunzira atavala zosoka za Ba Emmy. Maliro atatha, Meshack anabwerera ndi amayi ake ku Mbala, Bethany anabwerera ku Kitwe, ndipo Ba Kapembwa anabwerera ku makina awo. Inali nthawi yosindikiza makalendala a chaka chatsopano, ntchito inali yambiri, ndipo anayamikira phokosolo.

Mvula itatsala pang'ono kutha, foni inalira ali pa nkhomaliro. Anali Christine wa ku Northmead. Anati sitolo yawo imaitana makasitomala kuti abwere adzasinthanitse matayala akutsogolo ndi akumbuyo kwaulere, kuti azitha mofanana.

"Nanga ulendo wa ku Mbala munayenda bwanji?" anafunsa. "Ba mami bali bwanji?"

Ba Kapembwa anayang'ana banzi limene linali m'manja mwawo.

"Banatisiya mu Disemba," anatero. "Ku Mbala sitinafike."

Ku mbali inayo kunamveka phokoso la makina omasulira manati, kenako chitseko chikutsekedwa, phokosolo n'kuchepa. Christine anati pepani, koma sanadule foni. Ba Kapembwa anathokoza, n'kulonjeza kuti abwera Loweruka. Anapitadi. Mano a matayalawo anali akadali akuya, ndipo amakanika anati galimotoyi ikuoneka kuti siyendayenda.

Chaka chamawa Ba Kapembwa apuma pa ntchito. Bethany amaimba foni Lachisanu lililonse kuwauza kuti agulitse nyumba ya ku Chelstone, kapena aikemo anthu a lendi, asamukire ku Kitwe. Iwo amayankha kuti aganizira. Pakadali pano, Lamlungu lililonse m'mawa amaima pa mageti atatu a m'dera lawo kutenga amayi okalamba a mumpingo amene miyendo inawakana. Amayiwo amakangana njira yonse, za kwaya, za mtengo wa makala, za mlaliki wachinyamata amene amatalikitsa pemphero. Ba Kapembwa amamvetsera osaponyapo mawu. Akafika pa tchalitchi amawatsitsa pakhomo penipeni, mmodzimmodzi, ndi ndodo zawo, kenako n'kupita kukafuna mthunzi woimikapo galimoto.